PA MKEKA WA MABUKU: Mbala Zimene Siziboola Cipupa

Dzina lakuti Mulungushi likamveka, ambiri a ife timayamba kuganiza za Mwala uja wa kumpoto kwa Kabwe, kumene a cipani ca UNIP anasonkhana m'caka ca 1960, ndi kumenenso Dr Kenneth Kaunda analengeza za kusintha kayendetsedwe ka cuma ca dziko mu April 1968. Koma mtsinje wa Mulungushi unali utachuka kale zimenezo zisanacitike. M'caka ca 1925 anatsegula damu pamtsinjewo pamodzi ndi nyumba ya makina opanga magetsi, kuti mgodi wa Broken Hill, kumene lero timati Kabwe, upeze mphamvu. Masiku amenewo munthu wofuna kuzimitsa magetsi a mgodiwo akanayenera kunyamuka ndi miyendo yake, kudula chire, kuzemba alonda ndi kukagwira citsulo ndi dzanja. Mdani anali wooneka ndi maso, ndipo pobwerera anali kusiya mapazi.

Lero zinthu zatembenuka. M'maiko ambiri nyumba za magetsi, mabanki, maofesi a mapasipoti ndi zipatala zikuyendetsedwa ndi makompyuta olumikizana, kotero kuti mbala ikhoza kulowa ili khale pampando kutsidya kwa nyanja. Pafupi ndi Mwala womwe uja, pa makilomita oposa 20 kucokera m'tauni ya Kabwe, pali Yunivesite ya Mulungushi imene inatsegulidwa mu 2008, ndipo ana athu ena akuphunzira kumeneko za makina amenewa. Kumudzi nako lamya ya m'manja yasanduka cikwama: ndalama za cimanga, za sukulu ndi za maliro zikudzera m'menemo. Ncifukwa cake, awerengi, sabata lino tayala pamkeka pathu mabuku onena za akuba a pa kompyuta ndi za nkhondo yomenyedwa popanda mfuti.

Mabukuwa ali miulu iwiri. Mulu woyamba ndi wa nkhani zopeka, waciwiri ndi wa zinthu zimene zinacitikadi. Ndinene poyera kuti yonse iwiri ndimaikonda, koma siiphunzitsa cimodzimodzi. Opeka amatiuza kuti mbalayo ndi mfiti. Olemba zoona amatiuza kuti ndi munthu wamba wodziwa kunyenga, amene nthawi zambiri amacita kutseguliridwa citseko ndi mwini nyumba.

Tiyambe ndi opeka. Buku limene ambiri amati ndilo kholo la nkhani zoterezi ndi Neuromancer, lolembedwa ndi William Gibson mu 1984. M'menemo muli mnyamata wakuba amene amalumikiza ubongo wake ku makina, mzimu wake nkumauluka m'kati mwa mawaya ngati munthu wokwera licero usiku, kukathyola nkhokwe za makampani akuluakulu. Cokondweretsa ncakuti Gibson analemba bukuli pa makina akale otaipira ndi zala, asanadziwe zambiri za kompyuta. Nthanoyo njokoma, koma mlimi sangatolemo kanthu kotetezera ndalama zake.

Lina loyandikirako ku moyo wathu ndi Blackout, limene Marc Elsberg wa ku Austria analemba m'Cijeremani mu 2012. Iye anapeka kuti zigawenga zalowa m'mamita a magetsi a m'nyumba za anthu ku Italy ndi ku Sweden, ndipo mdima wagwa pa maiko a ku Ulaya nthawi ya cisanu coopsa. Tsiku ndi tsiku zinthu zikuipiraipira: mipope yauma, mafuta sakupopeka, ng'ombe za mkaka zikulira cifukwa makina okamira aima, zipatala zikusiya odwala. Bukuli limagwira mtima. Komabe ndimati ndikaliwerenga ndimamwetulira pang'ono, pakuti zimene mlembiyo akuziyesa mapeto a dziko, kutunga madzi pacitsime ndi kuphika pa nkhuni, ndiwo moyo wa agogo athu ku Chadiza kuyambira kale. Ndipo a m'tauni sanaiwale caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi a ku Kariba, nyumba zambiri nkumakhala maola 20 kapena kuposa popanda magetsi. Mdima uja sunadze ndi cigawenga ciri conse.

Mantha obwera ndi nthano zotere amafika ndi kwa akuluakulu omwe. Kevin Mitnick, wa ku America, anali wothyola makompyuta wochuka amene anagwidwa mu 1995 nakhala m'ndende pafupi zaka zisanu. Iye mwini anasimba kuti anamtsekera m'cipinda ca yekha miyezi isanu ndi itatu cifukwa woweruza anauzidwa kuti munthuyu akhoza kuyambitsa nkhondo ya mabomba a nyukiliya mwa kungoimba mluzu pa lamya. Kodi si momwe timaneneranso za munthu amene tamuganizira ufiti, kumpatsa mphamvu zimene alibe? Atatuluka, Mitnick analemba buku lochedwa The Art of Deception mu 2002, ndipo cinsinsi cimene anaulula m'menemo ncocititsa manyazi. Nchito yake yaikulu inali kuimba lamya. Anali kudziyesa wanchito mnzao wa ku ofesi ina, kapena mkulu wokwiya amene ali pacangu, kapena wokonza makina, ndipo kalaliki wofuna kuthandiza anali kumpatsa yekha mau acinsinsi otsegulira kompyuta. Mitnick anamwalira mu 2023, koma njira yakeyo ikali moyo, ndipo tikumana nayo posacedwa m'lamya zathu.

Tsono tafika pa mulu waciwiri, ndipo pano ndikhalitsa pa buku limodzi limene ndimaliyesa loposa onse, The Cuckoo's Egg, lolembedwa ndi Clifford Stoll mu 1989. Dzinalo likucokera ku mbalame ija imene imaikira dzira m'cisa ca inzake kuti mwini cisa aifungatirire. Stoll sanali wapolisi kapena msilikali. Anali wophunzira za nyenyezi, amene ndalama za nchito yake zitatha anamuika kuyang'anira makompyuta pa Lawrence Berkeley Laboratory ku California. Masiku amenewo ali yense wogwiritsa nchito kompyuta yaikulu anali kulipiritsidwa monga mwa nthawi imene wakhalapo. Mu 1986 mabuku a ndalama anasiyana ndi masenti 75 okha, ndipo anamuuza kuti aone cimene calakwika.

Taganizani, awerengi. Masenti 75 sakwana ngakhale dola imodzi. Kalaliki wina akanangotulutsa m'thumba mwake nkutseka buku, nkupita kunyumba. Stoll anafunsa kuti, nthawi imeneyi anaigwiritsa nchito ndani? Anapeza kuti pali dzina la munthu amene palibe anamulembetsa. Usiku wina anasonkhanitsa makina osindikiza ndi ena otere pafupi 50, obwereka m'maofesi a anzake, nawalumikiza ku mawaya onse a lamya olowa m'nyumbamo, iye nkugona pansi pambali pake. Kutaca anapeza pepala lalitali lolembedwa zonse zimene mlendoyo anacita usikuwo. Mbalayo sinali kufuna kanthu pa Berkeley. Inali kungodzerapo ngati mlatho, kupita ku makompyuta a asilikali a America kukafunafuna zinsinsi.

Atapita kwa a FBI, poyamba anamubweza cifukwa ndalama zotayika zinali zocepa. Sanaleke. Analemba m'buku ciri conse, tsiku ndi ola, kwa miyezi pafupi khumi. Vuto linali lakuti mbalayo inali kukhala pa waya mphindi zocepa, osakwanira kuti a lamya alondole kumene ikucokera. Apo anachera msampha: anapeka makalata ambiri abodza ooneka ngati zinsinsi za nkhondo nawasiya poti mbalayo iwaone. Inakodwa. Inakhala nthawi yaitali ikukopera zinyalalazo, ndipo a lamya a ku West Germany anailondola mpaka m'nyumba ina mu mzinda wa Hanover. Anali mnyamata dzina lake Markus Hess, amene pamodzi ndi anzake anali kugulitsa zimene aba kwa akazitape a KGB a ku Soviet Union. Mlandu unazengedwa mu 1990. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo sindidziwa buku lina la makono limene limaonetsa mwambiwu bwino koposa ili. Msungi wa cuma wa kopaletivu kapena wa cilimba ca amai ayenera kulimva.

Mabuku a zaka zapafupi akunena za maboma enieni akumenyana. Kim Zetter, mu Countdown to Zero Day la mu 2014, akusimba za kacirombo ka m'kompyuta kochedwa Stuxnet, kamene kanaululika mu 2010 kataononga makina pafupi 1,000 oyengera uranium pa Natanz ku Iran. Ambiri amati kanapangidwa ndi America ndi Israel, ngakhale maikowo sanavomere poyera. Makompyuta a pamalopo sanali pa intaneti, motero kacirombo kameneka kanapangidwa kuti kaziyenda pa timitengo tija ta fulashi timene anthu amatenga m'thumba. Ngakhale cida ca maboma amphamvu cinafuna dzanja la munthu kuti cicilowetse.

Andy Greenberg, mu Sandworm la mu 2019, akutipatsa cimene tingaciyerekeze ndi nthano ya Elsberg ija. Pa 23 December 2015, ku Ukraine, anchito a kampani ya magetsi anaona kamuvi ka pa kompyuta yao kakuyenda kokha, kakuzimitsa masiteshoni limodzi limodzi, iwo ali manja lende. Makampani atatu anakhudzidwa, ndipo nyumba ndi malo a nchito pafupi 225,000 anakhala mumdima. Pambuyo pake boma la America linaimba mlandu asilikali a ukazitape a ku Russia pa nchito za gulu limeneli. Tsono onani kusiyana kwa nthano ndi zoona. Adaniwo analowa miyezi yambiri m'mbuyo mwake kudzera m'makalata abodza a pa kompyuta amene anchito ena anatsegula osaganiza. Ndipo mdimawo sunathe masabata monga m'nthano. Unatha maola osapitirira asanu ndi limodzi, cifukwa amisiri anakwera magalimoto, napita ku masiteshoni, nakabweza zitsulo ndi manja, monga momwe akanacitira a pa Mulungushi mu 1925.

M'buku lomweli muli nkhani imene Mwafirika ali yense angaikonde. Mu June 2017 kacirombo kena kochedwa NotPetya, kolinga Ukraine, kanafalikira pa dziko lonse nkuononga cuma cimene boma la America linaciyerekeza pa madola 10 biliyoni. Kampani yaikulu ya zombo za katundu, Maersk, inaona makompyuta ake akufa m'mphindi zocepa, malole nkuima mizere pa madoko. Makompyuta onse osunga ndandanda ya amene ali ndi cilolezo colowa anafufutika, ndipo popanda ndandandayo sakanatha kuyambanso. Anaimba lamya ku maofesi ao onse, mpaka anapeza imodzi yamoyo ku Ghana. Inapulumuka bwanji? Magetsi anali atazima kumeneko, kompyutayo nkukhala yosalumikizidwa pamene mliri unali kudutsa. Anchito a ku Ghana analibe zilolezo zolowera ku Britain, motero wina ananyamula cosungira cake pandege kupita ku Nigeria, napatsira mnzake amene anacifikitsa ku London. Wopeka nthano akanalemba zimenezi tikanati wanyanya bodza.

Wina anganene kuti zonsezi nza kutali. Ai ndithu. M'masiku a Pulezidenti Frederick Chiluba, mnyamata wina analowa pa tsamba la pa intaneti la State House nacotsa cithunzi ca mtsogoleriyo, nkuikapo cojambula coseketsa. Anagwidwa, koma mlandu unagwa cifukwa panalibe lamulo loletsa zimenezo, ndipo lamulo loyamba la milandu ya pa kompyuta linadza mu 2004. Pa 9 May 2022 gulu la akuba lochedwa Hive linalowa m'makompyuta ena a Bank of Zambia, nkumanga zolembedwa zace kuti zisatseguke, likufuna dipo. Bankiyo inakana kulipira ndipo inabwezeretsa nchito zake yokha. Gulu la Hive linaphwasulidwa ndi apolisi a ku America ndi a ku Ulaya mu January 2023. Anansi athu a ku Malawi anaona zowawa koposa. Mu February 2024 Dr Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti panthawiyo, anauza nyumba ya malamulo kuti akuba alanda makina opangira mapasipoti ndipo akufuna ndalama, nanena kuti boma silidzalipira. Kwa masabata angapo anthu ofuna kupita ku nchito, ku sukulu ndi ku cipatala kunja anasowa mtengo wogwira. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Koma nkhani imene iyenera kutisowetsa tulo ife makolo ndi ya mu April 2024. A Drug Enforcement Commission pamodzi ndi apolisi anazinga kampani ina yochedwa Golden Top Support Services ku Roma, mu Lusaka, nagwira anthu 77 ndi makadi a lamya oposa 13,000. Ambiri mwa ogwidwawo anali ana athu a zaka za pakati pa 20 ndi 25, amene analembedwa nchito yooneka ngati yabwino, ya kuyankha makasitomala. Anali kupatsidwa mau olembedwa kale akuti aziceza nao ndi anthu pa WhatsApp ndi Telegram kuti awanyenge, ena a kutali monga ku Singapore ndi ku Peru. Mu June caka comweco khoti linalamula kuti anthu 22 a ku China akakhale m'ndende zaka zoyambira pa 7 mpaka 11. Palibe ubongo wolumikizidwa ku waya pano. Pali cabe lilime lokoma ndi mwana wosowa nchito. Mwana wanu akakuuzani kuti wapeza nchito ya pa kompyuta mu Lusaka, sangalalani naye, koma mufunsenso kuti kampaniyo imagulitsa ciani, ndipo anthu amene amaceza nao ndani.

Apa ndi pamene Mitnick uja akutipeza kumudzi. Uthenga wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" umatumizidwa kwa anthu zikwi nthawi imodzi, poyembekezera kuti mmodzi mwa iwo analidi pafupi kutumiza ndalama kwa mbale. Wina amaimba nkunena kuti ali ku kampani ya lamya, ndipo nambala yanu itsekedwa lero mukapanda kuchula nambala yanu yacinsinsi. Wina amati watumiza ndalama kwa inu molakwa, mubweze msanga, pamene uthenga umene mwalandira waulemba yekha. Wina amati mwana wanu wagwa ku sukulu ndipo adokotala akudikira ndalama. Onsewa ali ndi zida ziwiri, cangu ndi mantha, zomwe zija za m'buku la 2002. Mankhwala ake ndi a Stoll: imani, werengani ndalama zimene ziri m'lamya mwanu musanakhulupirire uthenga, dulani lamya ndi kuimbira mwini wake pa nambala imene mukuidziwa kale. Nambala yacinsinsi siuzidwa munthu, ngakhale wa m'kabuthu amene amakuthandizani kutapa ndalama, ndipo isakhale caka cimene munabadwa, pakuti cimeneco calembedwa pa citupa canu. Bungwe la ZICTA linakhazikitsa nambala ya *707# yonenezerapo manambala a onyengawa.

Malamulo nao akusintha. Lamulo la mu 2021 linalowedwa m'malo ndi awiri atsopano mu April 2025, lina la citetezo ca makompyuta, lina la milandu ya pa makompyuta. Boma linati colinga ndi kuteteza anthu ndi cuma ca dziko. Bungwe la maloya la Law Association of Zambia ndi ena anadandaula kuti mphamvu zomvetsera zokamba za anthu zakula koposa ndipo zikhoza kuopseza ufulu wa kulankhula. Mkangano wotere uli m'maiko ambiri, ndipo wowerenga mabuku a mulu waciwiri amaumva msanga, cifukwa aona kuti cida cogwirira mbala ndi cida ca kazitape nthawi zina cimakhala cimodzi.

Cimene cimandipweteka mtima ndi ici. Mabuku onse amene ndachula alembedwa ndi anthu a kunja, m'Cingerezi kapena m'Cijeremani, ndipo mtengo wake mlimi sangaufikire. Pamene nkhani zathu ziripo, zokwana buku lathunthu: mnyamata wa cithunzi ca State House, masiku aja a mu May pa Bank of Zambia, nyumba ya ku Roma ndi ana amene anali m'katimo, mai wa ku Katete amene ndalama za nshawa zake zingathe m'mphindi imodzi. Inu anyamata ndi atsikana a pa Mulungushi amene mukudziwa m'kati mwa makinawa, ambiri a inu munakulira m'midzi ndipo Cinyanja, Cibemba kapena Cilenje ciri pakamwa panu. Kabuku ka masamba 40, kolembedwa m'cinenero ca agogo anu, kofotokoza mmene onyenga amalankhulira ndi zimene amafunsa, kakhoza kuwerengedwa mokweza pa msonkhano wa kopaletivu, ndipo a wailesi angakondwe kukaulutsa. Amene ali ndi mphatso ya nthano apeke, koma mbala yao ikhale yoimba lamya monga ziri mbala zenizeni, ndipo woigwira akhale kalaliki wa pa depoti amene waona kuti thumba limodzi silikugwirizana ndi buku.

Pakali pano, amene muli pafupi ndi laibulale ya boma kapena ya sukulu ya sekondale, kafunseni ngati ali nalo buku la Stoll, ndipo ngati alibe alembe dzina lake pa ndandanda ya mabuku ofunika. Inunso amene munalandirapo mauthenga acinyengo, lemberani Mkonzi mau ake enieni monga anafikira, osaikapo dzina lanu kapena nambala yanu. Tidzawasindikiza pa mkeka uno kuti a m'midzi ina awazindikire akadzafika kwao.